Mlendo wa a Nanyoni

Amene munakhalako ku Bilila mukuwakumbukira a Yotamu Gwaza, telala uja ankasokera pakhonde la golosale, makina ake akuda opalasa ndi mwendo. Nkhani iyi ndi yawo. Sankakonda kuinena, ndipo akati ainene ankainena ngati akufotokoza za mvula ya chaka chatha, osakweza mawu, osakokomeza. Inenso ndiinena chomwecho.

A Gwaza anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri pamene anathyoka fupa la m'chiuno. Nthawi imeneyo n'kuti akazi awo, a Nanyoni, atadwala kale matenda oiwala kwa zaka zinayi. Zinayamba pang'onopang'ono: kuthira mchere kawiri m'ndiwo, kusiya mpeni m'ndowa ya madzi akumwa. Kenaka anayamba kusokoneza mayina a ana awo, kenaka n'kumangotuluka osatsanzika. Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti a Gwaza anawaona akuyenda pakati penipeni pa njanji, sitima ya katundu ikulira chapatali. Anathamanga, anawakokera pambali, koma iwo eni anaterereka pamiyala n'kugwera m'ngalande. Anamva kuti khwa! ndipo sanathenso kudzuka.

Kuchipatala ku Blantyre anawachita opaleshoni n'kuwaika chitsulo m'chiuno. Tsiku lotuluka dokotala anawawerengera malamulo.

"Musakhale pampando waufupi. Musawerame kutola kanthu pansi. Musapingasitse miyendo, musagone pamphasa. Mukagwanso chitsulochi n'kusuntha, ntchito yonse tidzaiyambiranso."

"Nanga kuyenda?"

"Pang'onopang'ono, ndi chogwirira ichi. Kuchoka pabedi kukafika pakhomo, n'kubwerera. Sabata iliyonse muziwonjezerako."

"Nanga munthu akamakuthawa?"

Dokotala anaseka, ankayesa nthabwala.

Mwana wawo Elube anabwera kuchokera ku Lilongwe nakhala nawo mwezi wathunthu. Anapangitsa kwa kalipentala mpando wautali, ndi wina woboola pakati wa kuchimbudzi. Anagwirizana ndi mayi wa nyumba yoyandikana nayo, a Nangondo, kuti azitunga madzi ndi kuphika m'mawa ndi madzulo. Tchuthi chitatha anabwerera kuntchito akulira, ndipo m'nyumba munatsala anthu awiri: wina miyendo yolimba koma mutu wosagwira, wina mutu wogwira koma miyendo yosayenda.

A Gwaza anamanga chingwe kuchitseko, nsonga ina n'kumangirira chitini cha miyala, kuti chitseko chikatseguka amve. Tsiku lonse ankakhala pampando wawo wautali pabalaza, chogwirira cha miyendo inayi chili patsogolo pawo. A Nanyoni anali atasiya kale kuwatchula dzina. Ankangoti "abambo inu", ngati munthu amene wakhala naye pafupi m'basi. Kusamba ankakana. Kudya ankadya makapu awiri a phala akafuna, akapanda kufuna ankatseka pakamwa n'kuyang'ana kukhoma. Tsitsi lawo linali litapotana, poti aliyense wofuna kuligwira ankalandira khofi.

Sabata yachiwiri Elube atachoka, dzuwa lili paliwombo, chitini chinalira. A Gwaza anadzidzimuka n'kuyang'ana. Chitseko chinali chotseka, ndipo a Nanyoni anali mtulo pamphasa pafupi ndi mapazi awo. Anati mwina ndi buluzi wayenda pachingwe. Mawa lake, nthawi yomweyo, chinaliranso. Ulendo uno a Nanyoni anadzuka, anakonza chitenje chawo, nasendera kumapeto kwa mphasa.

"Lowani," anatero, akuyang'ana kuchitseko.

Sipanalowe munthu. Koma iwo anakhala chomwecho kumapeto kwa mphasa, theka lonse atalisiya, mpaka dzuwa linapendeka.

Mankhwala opha ululu amene a Gwaza ankamwa masana ankawagonetsa tulo tofa nato. Lachisanu la sabata imeneyo atadzuka sanawaone akazi awo pabalaza. Anadzikoka ndi chogwirira chija mpaka kukhomo la kuseri. Anawapeza atakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, mutu uli wopesa bwino. Tsitsi lonse linali litamangidwa ndi ulusi wakuda, timichira tating'onoting'ono topindirana kumbuyo, mizere yake yowongoka ngati yojambula ndi choko.

Madzulo a Nangondo atabwera ndi madzi, a Gwaza anati, "Mwagwira ntchito, mayi. Munawanyengerera bwanji?"

"Ntchito iti?"

Anawalozera. A Nangondo anatula ndowa, nazungulira a Nanyoni kawiri.

"Si ine ayi. Ine ndinali kudimba. Komanso kamangidwe aka ndinakaona komaliza ndili mtsikana. Ndani amamangabe chonchi masiku ano?"

Iwo atapita, a Gwaza anatsegula dilowa ya makina awo. Inali yokhoma, ndipo kiyi wake ankakhala m'thumba mwawo. Ulusi woyera unalimo, wofiira unalimo, wabuluu unalimo. Wakuda munalibe.

Kuyambira pamenepo zinthu zinkangochitika masana iwo ali mtulo. Ankadzuka n'kupeza a Nanyoni atasamba, atadzola mafuta, zidendene zitakhulidwa ndi mwala, zikhadabo zitawengedwa. Tsiku lina anadzuka msanga n'kumva sipuni ikukanda mbale kuseri kwa khoma.

"Ndakhuta, achemwali. Basi," anali mawu a akazi awo amenewo.

Panali zii kwa kanthawi, ngati wina akuyankha. Kenaka a Nanyoni anaseka, kuseka kwenikweni kumene a Gwaza anali asanakumve kwa zaka ziwiri, ndipo sipuni inayambanso kukanda.

Atalowa m'nyumba anawafunsa. "Mumacheza ndi yani kuseriko?"

"Simunawaone? Adutsa pomwepa."

"Sindinawaone."

"Sanakupatseni moni?"

"Ayi."

"Ndi mmene alili," anatero a Nanyoni, n'kugona pamphasa.

Tinene zoona, masiku oyambawo a Gwaza sanachite mantha kwenikweni. Munthu amene sangathe kuvala yekha sokosi safunsa mafunso ambiri akaona mkazi wake wadya ndipo wasamba. Chimene chinkawavutitsa maganizo ndi china. Mlendoyo, kaya anali ndani, sankakhudza kanthu kalikonse ka iwo. Mbale zonse zinkatsukidwa, kapu yawo yokha n'kutsala ndi masamba a tiyi. Zovala za a Nanyoni zinkaanulidwa pachingwe n'kupindidwa, malaya a a Gwaza n'kutsala pomwepo akuwauka ndi dzuwa. Tsiku lina botolo la mankhwala linawapulumuka n'kugubudukira pansi pa tebulo. Linakhala pamenepo mpaka madzulo, chikhalirecho pansi ponse pozungulira botololo panali posesedwa.

Kenaka linafika tsiku limene chitini sichinalire konse, koma a Nanyoni anasowa. A Gwaza anaima pakhomo n'kumaitana mpaka mawu anasasa. Chakumadzulo kunatulukira ngolo ya a Bonongwe, bambo wachikulire amene ankanyamula njerwa ndi mchenga. A Nanyoni anali atakhala pamwamba pa mchenga ngati mkwatibwi.

"Ndawapeza kunjira ya kumtsinje," anatero a Bonongwe akuwatsitsa. "Ndinati ndiwabweze, poti ndikudziwa mmene zilili. Koma anzawo aja sanakondwe nazo."

"Anzawo ati?"

"Mayi amene anali nawo. Wamtali, chitenje atafunda kumutu. Ndinati kwerani nonse, iwo osayankha. Ng'ombe zanganso zinakana kuyenda mpaka iwo atapatukira pambali. Ndiye ankatitsatira m'mbuyo, chapatali."

"Nkhope munaiona?"

A Bonongwe anakanda m'mutu. "Mukudziwa, nthawi yonseyi ndimayesa ndaiona. Pano mwandifunsamu ndiye sindikuikumbuka." Anayang'ana kumsewu kumene anachokera. Kunalibe munthu. Sanadikire ngakhale madzi akumwa, anakwapula ng'ombe n'kumapita.

Nkhani inayenda. Patapita masiku awiri a Nangondo anasiya kulowa m'nyumba. Madzi ndi chakudya ankasiya pakhomo n'kuima patali.

"Musandiganizire zoipa, a Gwaza. Anthu akuyankhula."

"Akuti chiyani?"

"Akuti m'nyumba muno mukukhala anthu atatu. Ena akuti mayiwa si matenda ayi, ali ndi zawo zimene akudziwa."

"Mayiwa sadziwa ngakhale dzina la mwana amene anabereka okha," anayankha a Gwaza. "Amene akuwerenga anthu a m'nyumba mwangawo abwere adzatithandize, tikhale anayi."

Masiku omwewo katundu wa a Nanyoni anayamba kusowa. Chipeso chinayamba, kenaka buku la nyimbo, kenaka nsapato zawo za ku tchalitchi, kenaka bulauzi yoyera ya Mvano imene inkakhala pansi penipeni pa sutikesi. A Gwaza anaimbira foni Elube n'kumufunsa ngati anatengako zovala za amake. Elube anati ayi, nafunsa ngati zonse zili bwino. Iwo anati zili bwino, mwendo ukulimba. Anaona kuti akanena zambiri mwanayo asiya ntchito, kapena aganiza kuti bambo akenso mutu wayamba.

Linali tsiku la msika pamene anagwa. Ankachokera kuchimbudzi, mwendo umodzi wa chogwirira unalowa m'una wa mbewa, ndipo anapezeka ali pansi. Mwamwayi anagwera mbali yabwinoyo. Anagona chammbali, nkhope italoza kumpanda, akuopa kutembenuka. Anaitana a Nangondo, koma mudzi wonse unali kumsika. Dzuwa la Okutobala linkawotcha ngati moto.

Ali chigonere anamva tsache. Linkasesa kuseri kwa nyumba, mosafulumira, shwe, shwe, shwe. Anati mwina ndi akazi awo, koma akazi awo ankawamva akuyimba nyimbo m'nyumba. Tsachelo linakhota pangodya, linadutsa pathandala la mbale, linafika kumsana kwawo. Fumbi linawagwera m'khosi. Linasesa kutsata msana wawo wonse, linazungulira kumapazi, n'kubwereranso kumutu. Pamenepo linaima.

A Gwaza sanachotse maso awo kumpanda. Pamwamba pawo wina anatsonya. Kutsonya kwautali, kokoka, kothera m'mphuno.

Kutsonya kumeneko ankakudziwa. Padziko lonse panali munthu mmodzi yekha amene akanapeza Yotamu Gwaza ali thasa pansi n'kumuzungulira ndi tsache.

A Nanyoni anali ndi mkulu wawo, dzina lake Maligelita. Mayi awo atamwalira, Maligelita ndiye analera mng'ono wakeyo kuyambira ali wa zaka zitatu, ndipo chifukwa cha iye sanakwatiwe. A Gwaza atabwera kudzafunsira mbeta, Maligelita anakana. Atamva kuti mkamwiniyo sadzamanga pamudzi koma adzatenga mkazi kupita naye kusiteshoni kumene kunali makasitomala, anakana kawiri. Moyo wake wonse sanawatchulepo dzina, ankangoti "telala uja". Tsiku la ukwati, anthu akuvina, anawakokera pambali nawauza kuti, "Mwanayu ndakubwerekani. Tsiku limene mudzalephere kumusamala ndidzabwera kudzamutenga." Anamwalira zaka makumi awiri zapitazo, ndipo anaikidwa kumudzi kwawo, kutsidya kwa mtsinje.

Tsache silinamvekenso. A Gwaza anadzikhwekhwereza ndi zigongono mpaka pamtengo wa thandala, naugwira, nadzikoka pang'onopang'ono mpaka anaima. Zinawatengera ola lathunthu. Atayang'ana pabwalo anaona ponse pali mizere ya tsache, kupatula malo amodzi osasesedwa, ooneka ngati munthu wogona chammbali.

Atalowa kuchipinda anaona chinthu china. Pamtanda wa denga, pamene ngakhale munthu wamiyendo yabwino sakanafika popanda makwerero, panali mtolo womangidwa m'chitenje. Mfundo yake inali yolimba, ya paulendo. Pakona pake pankaoneka kolala yoyera.

Kuyambira tsiku limenelo a Gwaza anasiya kumwa mankhwala a masana. Anasankha ululu kusiyana ndi tulo. Anakokera mpando wawo pachitseko penipeni n'kumakhala pamenepo, maso ali pa akazi awo. Tsiku loyamba linadutsa. Lachiwiri linadutsa, a Nanyoni osadya kanthu, akungoyang'ana kudenga. Tsiku lachitatu, dzuwa litapendeka, kuchipinda kunamveka mawu.

"A Yotamu, ndipatseniko madzi."

Chaka chinali chitatha asanamve dzina lawo m'nyumba imeneyo. Sanaganize kawiri. Ananyamuka, nadzikoka mpaka kukhomo la kuseri kumene kunali ndowa, natunga madzi, nabwerera pang'onopang'ono kuti asatayike, kapu ili m'dzanja limodzi, chogwirira m'dzanja lina. Atafika pabalaza anapeza mpando wawo wasunthidwa, chitseko chili pululu. Kuchipinda kunalibe munthu. Pamtanda panalibe mtolo. Mpaka imfa yawo a Gwaza sankadziwa ngati mawu aja anali a akazi awo.

Anaika kapu patebulo n'kutuluka.

Chichokereni kuchipatala anali asanapitirirepo chimbudzi. Kumtsinje kunali mtunda woti munthu wabwinobwino amayenda mphindi makumi awiri. Iwo ankaponya chogwirira patsogolo, n'kukoka mwendo wodwala, n'kubweretsa wabwino. Anaoloka njanji pafupi ndi pamene anagwera paja. Anthu ena anawaona ali m'makonde mwawo, koma palibe amene anasendera, poti nkhani ija inali itafika paliponse. M'fumbi la m'njira munali mapazi a munthu mmodzi, a patapata. Koma mapaziwo sankayenda pakati pa njira. Ankayenda chakumanzere, ngati munthu amene wasiyira mnzake malo.

Pofika kumtsinje malaya anali atanyoweratu, ndipo m'chiuno munkabaya ngati muli misomali. Mtsinje unali wouma, mchenga wokhawokha. Kutsidya kunali mkuyu waukulu, ndipo kuseri kwa mkuyuwo n'kumene kunayambira nkhalango ya manda. A Nanyoni anali ataima pakati pa mchenga, chimanjamanja. Mtolo uja unali utaoloka kale, uli patsinde pa mkuyu. Pambali pake, mumthunzi, panaima wina wamtali, atafulatira. A Gwaza sanamuyang'anitsitse. Ankati thukuta linali m'maso, komanso sankafuna.

"Mlamu!" anaitana. "Ndabwera."

A Nanyoni anatembenuka n'kuwayang'ana, kenaka anapendeketsa mutu ngati akumvetsera za kutsidya.

"Akuti mwachedwa."

"Ndachedwadi. Ndili ndi chitsulo m'thupi."

"Akuti anakuonani mutagona pansi ngati thumba la gaga."

"Ndinagona, inde. Ndipo ndinadzuka ndekha. Zimenezonso anaziona."

A Nanyoni anamvetseranso. Mphepo inali itaima, ngakhale njiwa sizinkalira.

"Akuti simutha kundisambitsa. Akuti simutha kumanga tsitsi."

"Ndine telala. Ulusi ndimaudziwa. Ndiphunzira."

Anatsikira mumchenga. Chogwirira chinatitimira miyendo yonse inayi, chinakana kuzuka. Anachiyang'ana, nachisiya pomwepo. Anaponya phazi limodzi, kenaka lina, manja ali m'mbali ngati mwana wophunzira kuyenda. Anawerenga mapazi asanu ndi awiri. Ataponya phazi lachisanu ndi chitatu anagwira dzanja la akazi awo, ndipo akanapanda kuligwira akanagwa.

"Mlamu," anatero, akupumira m'mwamba, maso ali pamchenga, "munamulera, sindikukana. Masiku anonso mwandithandiza pamene ndinalibe pogwira, ndipo ndikuthokoza. Koma ine ndakhala naye zaka makumi asanu, ndipo sindinatope naye. Tsiku lake likadzakwana ndidzabwera naye ndekha kuno, masana, anthu akuimba nyimbo, ndidzamugoneka pambali panu. Koma lero ayi. Lero tikubwerera kunyumba."

Dzanja la a Nanyoni linkakokera kutsidya, pang'ono chabe, ngati mmene madzi amakokera mwendo wa munthu wooloka. A Gwaza sanalitaye. Kenaka kukokako kunaleka.

"Akuti mtolowo atsogola nawo," anatero a Nanyoni.

"Atsogole nawo."

Atadzutsa maso, pansi pa mkuyu panalibe munthu, panalibenso mtolo.

Mlendo uja sanabwerenso. A Gwaza anagona masiku anayi osatha kudzuka, ndipo atapita kuchipatala dokotala anawakalipira kwambiri. Chitsulo sichinasunthe, koma anatsala otsimphina moyo wawo wonse. Elube atamva zonse anapeza mayi wina wa kumpingo woti azigona pakhomopo, ndipo patapita nthawi a Nangondo anayambanso kulowa m'nyumba, mwamanyazi. A Nanyoni anakhala ndi moyo zaka zina zitatu. Atamwalira, amuna awo anachita monga ananenera.

Koma mukawafunsa a Gwaza za tsiku limenelo, za kumtsinje ankangodutsamo mwachidule. Chimene ankakonda kunena ndi ulendo wobwerera. Chogwirira chinatsala mumchenga, ndiye anayenda atakoleka mkono paphewa la akazi awo, akupuma pamtengo uliwonse. A Nanyoni anali ndi mphamvu, ankawachirikiza bwinobwino osadandaula. Atayandikira njanji, dzuwa likulowa, anawayang'ana kumaso kwa nthawi yaitali.

"Abambo inu, mwendowu munatani?"

"Ndinagwa."

"Pepani. Kwanu n'kutali?"

"Ayi, tatsala pang'ono kufika."

"Muli ndi mkazi?"

"Ndili naye."

"Ndiye gwirani zolimba tifulumireko," anatero a Nanyoni, akukonza mkono wa amuna awo paphewa. "Kukuda. Azida nkhawa mayiwo."